Mafilimu opanda makampani akuluakulu: wagwira sizasi ndani?

Zikomo amayi, abambo ndi achinyamata nonse pobwera. Lero tikambe za mafilimu aja opangidwa popanda makampani akuluakulu a ku Hollywood, komanso ma documentary, mafilimu aja ojambula zochitika zenizeni, ndi mikangano yomwe okonda mafilimu amakhala nayo akaonera.

Ena amati aaa mafilimu amenewa ndi ogonetsa tulo, kamera kungoima pankhope ya munthu mphindi yonse osayankhula kanthu, mapeto akenso kukusiya m'malere. Ena amati ayi kukoma kwake ndi komweko, moyo weniweni sumatha ndi kuphulika kwa galimoto. Ine ndimatsamira kwa achiwiriwa koma osati kwathunthu, chifukwa ena mwa mafilimuwa amangochedwa basi, ndipo kuchedwa pakokha si luso.

Funso lomwe ndikufuna muzifunsa ndi ili: pa editing, pamene amadula ndi kulumikiza zomwe ajambula, mawu omaliza anali a ndani? Kampani ikathira ndalama zankhaninkhani imafuna zibwerere, ndiye filimu isanatuluke amayamba aonetsa kagulu ka anthu, akadandaula kuti mapeto ndi omvetsa chisoni amatha kusintha, dayilekita afune asafune. Wa ndalama zochepa amavutika inde koma sizasi ili m'manja mwake. Taonani Anora ya Sean Baker, anaipanga ndi ndalama pafupifupi madola 6 miliyoni, inawina Palme d'Or, mphoto yaikulu ya pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes ku France, mu 2024 kenako ma Oscar 5 mu 2025, ndipo 4 mwa amenewo anapita kwa iye mwini, imodzi inali ya editing chifukwa anadula yekha. Munthu yemweyu mu 2015 anatulutsa filimu yojambulidwa ndi mafoni a iPhone. Komabe okonda mafilimu sanagwirizane, ena amati mtsikana wa m'nkhani ya Anora sitimudziwa mokwanira mpaka kumapeto, ndipo dandaulo limenelo ndimalimvetsa.

Ina ndi Flow ya ku Latvia, katuni ya mphaka wothawa madzi osefukira, mulibe mawu a munthu ngakhale amodzi, nyama zikulira ngati nyama basi. Anaipanga pa Blender, pulogalamu yaulere yomwe aliyense angaike pa kompyuta, ndipo inagonjetsa makatuni a makampani akuluakulu nkutenga Oscar yoyamba ya dziko lawo. Kampani yaikulu mwina ikanati mphakayo aziyankhula, aziseketsa ana.

Tsopano pa ma documentary mpamene anthu amasokonekera kwambiri. Munthu amati ndaona ndi maso anga ndiye ndi zoona. Zoona inde, palibe ochita sewero, koma wojambula amatha kukhala ndi maola mazanamazana a kanema nkutionetsa ola limodzi ndi theka. Enawo ali kuti? Anasankha ndani? Nyimbo yachisoni ija yayamba pomwe mayi akupukuta misozi sinabwere yokha, wina anaiika dala pamenepo. Ngakhale kusanja kokha, kuika mawu a uyu pambuyo pa chithunzi chakuti, kumasintha mmene mukumuonera munthu. Sindikuti ndi bodza ayi, ndikuti ndi maso a winawake.

Documentary ya No Other Land, yonena za midzi ya Masafer Yatta ku West Bank, inapangidwa ndi anthu 4, awiri a ku Palestine ndi awiri a ku Israel, ndipo sabisa kuti aima mbali iti, mmodzi mwa iwo akujambula kwawo komwe nyumba zikugwetsedwa. Ine ndimakonda wotero kusiyana ndi wonamizira kuti alibe mbali. Koma taonani, inawina Oscar mu 2025 ilibe kampani yoifalitsa ku America, anachita kudzipezera okha malo oonetsera. Ndiye vuto lalikulu masiku ano si kujambula, kamera aliyense ali nayo m'thumba, vuto ndi loti filimu ifike kwa anthu, nchifukwa chake opanga amalimbirana malo pa zikondwerero za mafilimu ku Sundance, Berlin kapena Toronto komwe ogula mafilimu amakhala akudikira.

Mukamaonera documentary musathamangire kuzimitsa mayina akayamba kukwera kumapeto kuja. Pamenepo mpomwe amalemba mabungwe omwe anapereka ndalama, ndipo ngati filimu yoyamikira katswiri wina woimba yalemba iye yemweyo ngati producer, woyendetsa ntchito yopanga filimuyo, mwadziwa kale chifukwa chake simunamvemo zoipa zake.