Usanamange phiko kumbuyo kwa galimotoyo, tamvera kaye

Eya mphwanga, uthenga wako ndaumva. Ukuti matayala akupalasa ponyamuka, ndiye ukufuna umange chiphiko chachikulu kumbuyo. Taima kaye. Phiko silichiza matenda amenewo ayi.

Phiko la galimoto ya mpikisano wa drag, uja wothamangitsana pamsewu wowongoka waufupi, ndi lomwe lija la ndege, koma lozondotsa. La ndege limanyamula, ili limakanikiza galimoto pansi kuti matayala agwire msewu, downforce imene anthu amakamba ija. Tsono kuti likanikize limafuna mphepo, ndipo mphepo imabwera ndi liwiro. Pamzere woyambira, galimoto ili chiimire, phikolo ndi katundu chabe. Gwira masamu awa: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya phiko imawirikiza kanayi. Tiyerekeze kuti pa makilomita 100 pa ola phiko lako likukanikiza ndi makilogalamu 20. Pa 200 akhala 80, pa 400 akhala 320. Waona? Poyambira palibe kanthu, ntchito yake yonse ili kutsogolo uko.

Ndiye vuto lako lakuponyamuka ulifune kwina. Ona mpweya wa m'matayala a kumbuyo, uchepetseko pang'onopang'ono. Ona ngati ukuwatenthetsa mokwanira pa burnout, kupalasitsa matayala dala kuja usanafike pamzere woyambira. Ona ma shock, ngati akulola kuti kulemera kwa galimoto kutsamire kumbuyo ukaponda moto. Onanso kilachi, mwina ikugwira mwankhanza. Pakapepala ka nthawi kamene amakupatsa ukamaliza, nambala ya 60 foot, nthawi imene watenga pa mafuti 60 oyambirira, ndiyo imanena zoona za kanyamukidwe kako. Imeneyo phiko siliisuntha.

Ukaona zigalimoto za Top Fuel, zija zothamanga kwambiri m'mipikisano ya NHRA, bungwe loyendetsa mipikisano ya drag ku America, zili ndi phiko litalilo, usasirire msanga. Zimene zija zili ndi mphamvu ya akavalo pafupifupi 11,000, zimadutsa makilomita 530 pa ola, ndipo mamita 305 zimawamaliza m'masekondi osakwana 4. Paliwiro limenelo phiko limakanikiza ndi mphamvu yoposa matani awiri, ndipo injini ili ndi mphamvu yotsala yolipirira zimenezo. Ngakhale mapaipi a ekizozi anawaloza m'mwamba dala, kuti utsi ukamatuluka uzikankhira galimoto pansi kuchokera pamzere pomwe, phiko lisanayambe ntchito. Yako sili pamenepo. Ngati ukumaliza mamita 402 pansi pa makilomita 160 pa ola, chiphiko chachikulu chingokuchedwetsa basi.

Chifukwa downforce siyaulere. Tulutsa dzanja pawindo galimoto ikuthamanga, ulipendeke kutsogolo kuloze pansi: likanikizidwa pansi, inde, koma likokedwanso kumbuyo. Kukokedwako kumadya liwiro lako lakumapeto. Nzeru yonse yagona pamenepa, kuti upeze kukanikiza kokwanira kuti galimoto isagwedeze matako pamwamba pa liwiro, osapitirira apo.

Tsopano ngati galimoto ikupepuka kumbuyo ukamayandikira kumapeto, ukumva ngati ikuyandama, pamenepo tikambe za phiko. Pagalimoto yazitseko ngati yakoyo, yamba ndi spoiler yafulati, ija imangopitiriza buti kumbuyo, yokhala ndi timapuleti m'mbali. Timapuletito usatinyoze, timaletsa mphepo kuthawira m'mbali. Uimange pachitsulo cholimba cha galimoto, osati pa lata la buti lokha. Ndikunenetsa apa. Chinthu chimene chisenze makilogalamu mazana sichigwiridwa ndi timabawuti tiwiri palata.

Ukamanga, tenga chipangizo choyezera kupendekeka, galimoto iime pamalo osalala, iwe kapena wina wolemera ngati iwe akhale pampando, uyeze, ulembe m'kope. Yamba pafupi ndi fulati. Thamanga. Kenako usinthe digiri imodzi yokha, china chilichonse usakhudze, uthamangenso. Pakapepala kaja uziona liwiro lakumapeto. Likatsika koma galimoto ikuyenda chimodzimodzi, wataya liwiro pachabe, bwerera pamene unali. Ndipo usaganize kuti kupendeka kwambiri ndiye kukanikiza kwambiri mpaka kalekale. Pali malire. Ukapitirira, mphepo imaleka kutsatira phiko, kukanikiza kumagwa, kukoka kokha n'kumatsala.

Pali kachitsulo kena kakang'ono kamene amaimika m'mphepete mwa phiko kumbuyo, wickerbill, ena amati Gurney flap, dzina la Dan Gurney, katswiri wa mipikisano ya galimoto wa ku America, amene anakagwiritsa ntchito mu 1971. Kamaoneka kachabechabe koma kamawonjezera kukanikiza ndithu. Ine ndimakonda kusintha kameneka kusiyana n'kupendeka phiko lonse, chifukwa n'kosavuta kubwezera. Khala nato titatu tosiyana msinkhu m'bokosi.

Chimene ambiri amaiwala ndi kutsogolo. Phiko likakhala kuseri kwa matayala a kumbuyo, pokanikiza kumbuyoko limapepula mphuno ya galimoto. Mphuno ikadzuka pang'ono, mphepo imalowa pansi, n'kuidzutsanso, basi galimoto yasanduka ndege. Zinam'chitikira ngakhale Don Garlits, katswiri weniweni uja wa drag, ku Englishtown ku America mu 1986: galimoto inaimirira n'kutembenuka chagada m'malere. Anapulumuka, koma si onse amakhala ndi mwayi umenewo. N'chifukwa chake ma dragster, zigalimoto zazitali ngati za Top Fuel zija, ali ndi kaphiko kenanso kutsogolo. Kwa iwe, tsitsa mphuno pang'ono, tseka mipata yolowetsa mphepo pansi, ndipo chiwongolero chikapepuka m'manja uli paliwiro, chotsa phazi. Mpikisano wina ulipo mawa.

Mpweya nawonso umasintha. Kukatentha, kapena bwalo likakhala pamalo okwera ngati ku Denver, mpweya umapepuka ndipo phiko lomwelo limakanikiza mochepa. Ndiye m'kope muja uzilembamonso nyengo.

Ngati waika parachuti, onetsetsa kuti phiko silikuitchinga, kuti ikatuluka ipeze mphepo msanga. Kuima n'kofunika ngati kuthamanga. NHRA inafupikitsa mtunda wa Top Fuel ndi Funny Car (gulu lina la magalimoto othamanga kwambiri) kufika pa mamita 305 aja mu 2008, dalaivala wina, Scott Kalitta, atamwalira pangozi, pofuna kuti malo oimira atalike.

O, ndisanaiwale. Ukangomaliza ulendo uliwonse, gwedeza phikolo ndi manja, ona mabawuti, ona ngati pali ming'alu pamene anawotcherera. Phiko likathyoka pamwamba pa liwiro, matayala a kumbuyo amasiya msewu nthawi yomweyo. Werenganso malamulo a gulu limene ukupikisanamo usanadule chitsulo, chifukwa amaika malire a kukula ndi kutalika kwa phiko. Ukakayesa, unditumizire zithunzi za timapepala tonse, ndi kanema wojambula cham'mbali galimoto ikunyamuka, tione ma shock awo kaye.