Alamu, za dzino la mwana uja

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Ana ali bwanji? Chithunzi cha ekisire chija ndachiona pa WhatsApp, ndiye ndati ndijambule mawu, chifukwa kulemba sindingathe kulongosola bwino. Mumvere limodzi ndi achimwene.

Choyamba mtima ukhale m'malo. Chotupa chija mukuchigwira m'kamwa mwake kumtunda si matenda oopsa, ndi dzino. Dzino losongoka lija, lachitatu kuchokera pakati, limayenera kutuluka mwana ali ndi zaka 11 kapena 12. Lake lasochera, lagona chopingasa mkati mwa fupa, n'chifukwa chake laubwana lija silikugwedera n'komwe. Kuchipatala cha mano komwe ndimagwira ntchito kuno ku Glasgow timaziona kawirikawiri, makamaka kwa atsikana.

Koma chonde, ndagwira mwendo, pasapezeke munthu wolizula kunyumba kapena kutema nkhama ndi lezala. Musangolisiyanso kuti lidzatuluka lokha. Dzino logona chonchi limatha kudya muzu wa linzake loyandikana nalo mwakachetechete, mwana osamva kuwawa, mudzazindikira lakutsogolo likugwedera.

Njira zilipo zingapo, ndipo wosankha ndi dokotala akaona bwino. Nthawi zina amangochotsa laubwana lija, lenilenilo n'kuwongoka lokha. Nthawi zina amatsegula nkhama n'kulikoka pang'onopang'ono ndi mawaya, zomwe zimatha chaka kapena kupitirira. Koma likakhala kuti lapita kutali moti mawaya sangalifikitse, ndi pamene amachita zomwe munandifunsa zija, zolichotsa pomwe lili n'kulibzala pamalo pake.

Inu mumaokera mbande za kabichi kudimba, ndiye mumva msanga. Mbande simuizula n'kuikutumula dothi, simuisiyanso padzuwa, dzenje mumakumbiratu. N'chimodzimodzi. Muzu wa dzino uli ndi kamnofu kopyapyala kokuta, kamene kamalumikiza dzino ku fupa. Kameneko kakauma kapena kukalika, basi ntchito yawonongeka, dzino limamatirira ku fupa kapena muzu umayamba kudyeka. Ndiye dokotala amakonzeratu malo, amalinyamula pogwira kumutu kokha, mphindi zochepa lalowa. Ine ntchito yanga nthawi imeneyo ndi kuima pambali ndi madzi a mchere a kuchipatala, maso pa wotchi. Akatero amasoka, kapena kulimangirira ku anzake ndi kawaya kofewa kwa masabata angapo.

Tsono chimene ndikukufulumizitsirani ndi msinkhu wake. Zimayenda bwino kwambiri muzu usanamalize kukula, kunsonga kwake kukadali kotseguka, chifukwa mitsempha ya magazi imalowanso, dzino n'kukhala lamoyo. Muzu wa dzino limeneli umatseka cha m'zaka 13 mpaka 15. Ukatseka zimathekabe, koma pamafunika kuchotsa mtsempha wa mkati n'kumata, ntchito ina, ndalama zinanso. Iyeyu ali ndi 11. Mukati tidikire tikolole kaye mbatata, kenako mayeso, kenako mvula, nthawi yabwino itidutsa.

Achimwene anati bwanji osangolichotsa n'kudzaika lachitsulo. Ayi. Lachitsulo lomangira m'fupa silimayenda limodzi ndi nsagwada ikamakula, anzake amatsika ilo n'kutsalira m'mwamba, n'chifukwa chake saikira mwana mpaka atasiya kukula. Lakelake limakula naye, limasunganso fupa. Njira imeneyi si yoyeserera, madokotala a ku Norway ndi ku Denmark akhala akuichita kwa ana zaka zambirimbiri.

Ndiye muchite chonchi. Mubwerere kuchipatala cha boma ku Dedza, mukapemphe kalata yopita nayo ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumbali ya mano. Mukanene kuti mukufuna ekisire yoonetsa nsagwada yonse, chifukwa ija munatumiza ndi yaing'ono, nsonga ya muzu siikuoneka. Mukafunse zinthu izi: dzino lagona mbali iti, loyandikana nalo ladyeka kapena ayi, muzu wafika pati, ndipo malo olikwana alipo? Musachite manyazi kufunsa, mwana ndi wanu. Zomwe akayankhe mukalembe papepala mundiwerengere.

Akadzamuchita opaleshoni, sabata zoyambirira ndi phala, nthochi, mbatata yophwanya. Nzimbe ndi chimanga chokazinga ayi ndithu, ndipo agogo muwauziretu, paja iwo mdzukulu akalira amangomupatsa. Azichukucha m'kamwa ndi madzi ofunda a mchere mofatsa, ndipo masiku obwerera kukaonedwa musadumphe ngakhale akuoneka kuti ali bwino, chifukwa vuto la muzu limaoneka pa ekisire lisanayambe kuwawa.

Ya thiransipoti ndi ya ekisire nditumiza pa Mukuru Lachisanu ndikalandira. Mwanayo mumuuze kuti amabaya jakisoni wa dzanzi, sadzamva kanthu, azakhali ake atero. Mupereke moni kwa amayi. Ndiimba Lamulungu mukaweruka kutchalitchi.