Injini yakale ikamanjenjemera m'mawa, fufuzani isanatenthe

Omvera athu, lero tikambe za galimoto zakale zija zimene zimavuta m'mawa mokha. Mwailiza, yalira, koma injini ikunjenjemera, ikutsokomola, mwinanso kuzima kumene mukangochotsa phazi pa mafuta, ndipo pakapita mphindi khumi yatentha, yayamba kuyenda bwinobwino. Madandaulo amenewa amachuluka m'miyezi ya June ndi July, makamaka kwa inu a ku Dedza ndi ku Mzimba, komanso a ku Thyolo ndi ku Mulanje kumene kumagwa chiperoni. Ndikamba kwambiri za Toyota Corolla zija za m'ma 1990, za injini ya 4A-FE ndi 5A-FE, koma eni galimoto za kabureta ndikufikaninso.

Mfundo yoyamba, ndipo ndiibwereza, ndi yakuti vuto la injini yozizira limafufuzidwa injini ili yozizira. Mukapita nayo ku galaja masana imafika itatentha kale, amakaniko amaimvetsera osapeza kanthu, ndiye amayamba kungoganizira, ndipo ndalama zogulira zitsulo zongoganizirazo zimachoka m'thumba mwanu. Isiyeni igone ku galajako, kapena apempheni abwere kwanu mbandakucha, wina aliyense asanagwire kiyi. Chifukwa chake n'chakuti petulo akazizira sasanduka nthunzi msanga, wina amangomatirira m'makoma a njira ya mpweya, choncho injini yozizira imafuna petulo wochulukirapo, mpweya wowonjezera, ndi moto wamphamvu pa mapulagi. Chimodzi mwa zimenezi chikapelewera, injini imadandaula mpaka itatentha.

Tsopano mwatsegula boneti. Musanalize, yang'anani madzi mu radiyeta. Nthawi yake ndi ino, injini ili yozizira, chifukwa ikatentha chitsekero chija sichitsegulidwa, madzi ake amawotcha nkhope. Kenaka wina alize, inu muime kumbuyo ku ekizozi. Kautsi koyera kamene kamatha pakapita mphindi zochepa ndi nthunzi chabe, musade nako nkhawa. Koma utsi woyera wambiri wosaleka, pamene madzi mu radiyeta akhala akutsika popanda podontha pooneka, ndiponso injini ikuphonya silinda imodzi kwa mphindi yoyambirira kenaka n'kukhazikika, pamenepo tikukayikira gasiketi ya hedi, imene imatseka pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake, kuti usiku madzi akumalowa pang'onopang'ono mu silinda. Utsi wabuluu, wa oyilo wopsa, ukuloza ku ma valve seal otha, timalabala totchinga oyilo kuti asatsikire mu silinda, ndipo wakuda ndi petulo wochuluka kuposa muyeso.

Ndiye tipite ku sensa... ayi, ndisanafike kumeneko, ndibwerere kaye ku moto, chifukwa kumeneko n'kotsika mtengo ndipo n'koyenera kuyambira. Masulani mapulagi onse anayi ndi kuwayala mwa dongosolo, kuti mudziwe iliyonse kumene yachokera. Pulagi yabwino imakhala yotuwa mofiirira. Ya mwaye wakuda wouma ikunena za petulo wochuluka, yonyowa ndi oyilo ikunena za injini yodya oyilo, ndipo imodzi yokha ikakhala yoyera ngati yotsukidwa pamene zinzake zili zakuda, bwererani ku nkhani ya madzi ija. Mawaya a mapulagi akakalamba amang'aluka, ndipo m'mawa wa mame kapena chifunga moto umathawira m'chinyezi m'malo mofika ku pulagi. Lizani injini kukadali mdima, muyang'ane ngati pali timoto tabuluu tikudumpha pa mawaya. Muyang'ane ndi maso okha, osagwira ndi manja. Chotsaninso kapu ya distributor, chipangizo chogawa moto ku mapulagi, muone ngati mkati muli chinyezi, mng'alu, kapena timizere takuda.

Moto ukakhala bwino, yang'anani singano ya marevu pa dashibodi. Injini yozizira iyenera kuyamba ili pamwamba pa 1,000, kenaka izitsika yokha mpaka cha pa 700 kapena 800 ikatentha. Ngati ikuyambira pansi n'kumafuna kuzima, kawirikawiri ndi idle valve, kachipangizo kamene kamalowetsa mpweya phazi lanu lisanaponde, kali pa throttle body, pakhomo polowera mpweya mu injini. Kamadzaza mwaye n'kuuma. Kamatsukidwa ndi mankhwala otsukira kabureta, ndipo nthawi zambiri sipafunika kugula kena.

Tsopano sensa ija, ndipo pano ndikhalitsapo, chifukwa m'pamene ndaona anthu ambiri akutaya ndalama. Kompyuta ya galimoto siidziwa yokha kuti kunja kwazizira. Imauzidwa ndi sensa yoyeza kutentha kwa madzi. Sensayo ikayamba kunama, n'kumanena kuti injini yatentha pamene ili yozizira, kompyuta imapereka petulo wochepa, injini n'kumatsokomola. Koma mvetsetsani: masensa a madzi alipo oposa imodzi. Pali ya waya umodzi, imene ntchito yake ndi kuyendetsa singano ya pa dashibodi basi, ndipo pali ya mawaya awiri, imene imapita ku kompyuta. Ndibwereze kwa amene mwasokonezeka. Ya waya umodzi ndi ya singano, ya mawaya awiri ndi ya kompyuta. Choncho singano kuyenda bwino si umboni wakuti sensa ya kompyuta ili bwino. Bambo wina amene amayendetsa takisi anauzidwa zimenezi, koma poti anali pa changu anakagula ya singano, anaimanga, m'mawa mwake galimoto inanjenjemera monga kale, ndipo iye anayamba kunena kuti kompyuta yafa.

Sensa imeneyi imayezedwa, siingoganiziridwa. Zulani cholumikizira mawaya ake, ikani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, pa ma ohm, muyeze pa sensayo. Pa Toyota zimenezi, madzi akakhala pa madigiri 20 muyenera kupeza pakati pa ma ohm 2,000 ndi 3,000, ndipo akafika pa madigiri 80 nambala imatsika kufika cha pa 300. M'mawa wozizira kwambiri nambala imakwera kuposa 3,000, zimenezo n'zabwinobwino. Koma mukapeza mazana ochepa injini itagona usiku wonse, sensa ikunama. Pali njira inanso: mu kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS pansi pa boneti, lumikizani TE1 ndi E1 ndi kawaya, tembenuzani kiyi osaliza, nyali ya check engine iyamba kuphethira. Kawiri, kupuma, kawirinso, ndiye 22, nambala ya sensa ya madzi. Komabe nambalayi imabwera waya akaduka kapena akagundana. Sensa yongonama pang'ono siionetsa kanthu, n'chifukwa chake ndikuti yezani. Ndipo musathamangire kugula oxygen sensor, ya pa ekizozi yoyeza mpweya wa mu utsi, chifukwa injini ikakhala yozizira kompyuta siiyimvera n'komwe.

Apa ndipatuke pang'ono pa nkhani ya thermostat, kachitseko koletsa madzi kupita ku radiyeta mpaka injini itatentha. Chizolowezi chija choichotsa, ati kuno n'kotentha, chimandidetsa nkhawa kwambiri. Injini yopanda thermostat imachedwa kutentha, kompyuta imapitiriza kuthira petulo wambiri, mapulagi amada, mafuta amatha msanga. Amene munachotsa, bwezeranipo.

Chatsala ndi mpweya wolowera pamalo posayenera. Timapaipi ta rabala tija ndi gasiketi ya manifold, mapaipi ogawa mpweya ku masilinda, zikakalamba zimasiya mpata kukazizira, zitsulo zikatentha n'kufufuma mpatawo umatsekeka, ndiye vuto limabisala masana. Tengani kapaipi, mbali imodzi kukhutu, inayo muziyendetsa m'mbali mwa manifold, mumva kulira kwa tsiii pamene pakuyamwa mpweya. Ena amapopera mankhwala oyaka injini ikulira; ine sindilimbikitsa zimenezo pafupi ndi mawaya othawitsa moto. Samalaninso ndi fani, imatha kuyamba yokha.

Eni galimoto za kabureta, monga Nissan 1400, inu mulibe sensa ya kompyuta. Ntchito imeneyo imagwiridwa ndi choke. Chotsani chivundikiro cha air cleaner, sefa ya mpweya, injini ili yozizira, muone kambale kapamwamba pa kabureta. Kayenera kutseka mukakoka choke, kapena kutseka kokha mukaponda mafuta kamodzi ngati ili yodziyendera, kenaka kazitseguka injini ikamatentha mpaka kuima chilili. Kakakanirira potseguka, m'mawa muvutika. Kakakanirira potseka, utsi wakuda sutha. Zonsezi zikapezeka zili bwino koma injini ikuphonyabe, apempheni amakaniko ayeze compression, mphamvu yopanikiza mpweya, ya silinda iliyonse ndi mipata ya ma valve, nazonso injini isanatenthe.