Makalata a Omvera: Mwana Akupita ku Chipululu, Anyamule Madzi Ochuluka Bwanji?

Moni nonse omvera, a kumudzi ndi a kunja komwe, amene mwatchera khutu pa wailesi ndi amene mukutitsatira pa intaneti. Thumba la makalata ladzaza, koma lero ndasankhamo atatu okha, chifukwa onse akukamba za madzi akumwa pa maulendo a achinyamata oyenda pansi m'chipululu. Tiyambe ndi ya Mayi Nachisale a ku Cape Town.

"Bambo muulutsi, mwana wanga wachisamba, mtsikana wa zaka 15, akupita ndi anzake akusukulu kukayenda pansi m'chigwa chakuya cha Fish River Canyon, ku Namibia, pa holide ya mu July. Akuti masiku asanu osaona galimoto. Pa pepala la katundu aphunzitsi alembapo mabotolo awiri okha a lita imodzi. Ine mtima suli m'malo. Ndikufuna kumusenzetsa chigubu cha malita 10, koma bambo ake akundiseka, akuti July ndi nyengo yozizira, ludzu lichokera kuti? Tiweruzeni."

Mayi, pa mlanduwu nonse awiri mulipira nkhuku. Tiyambe ndi chigubu chanucho. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Mwanayo adzakhala atabereka kale chikwama cha chakudya cha masiku asanu, chofunda ndi kapoto, ndipo tsiku loyamba, pochoka cha ku Hobas, amatsika phompho la mamita pafupifupi 500, m'miyala yokhayokha, malo ena akugwirira tcheni. Mukamuwonjezera makilogalamu 10, adzatuluka thukuta lochuluka kuposa anzake, mwinanso kubzungunyuka bondo. Komanso malita 10 sangamufikitse ku Ai-Ais, kumene njirayi imathera pambuyo pa makilomita oposa 80. Munthu woyenda tsiku lonse kumeneko amamwa malita atatu kapena anayi, kuphika kusanawerengedwe.

Ndiye kuti moyo wa gulu lonse uli pa mtsinje. Apa ndi pamene ndikufuna muimepo mukapita kwa aphunzitsi. Fish River suyenda chaka chonse. Nyengo yozizira umatsala maiwe okhaokha, ndipo kumtunda kwake kuli madamu awiri akuluakulu, Hardap ndi Neckartal, amene amagwira madzi. Chaka cha mvula yabwino maiwe amakhala pafupipafupi. Chaka cha chilala amatalikirana, ena amasanduka thope lobiriwira, ndipo akuluakulu a kumeneko anatsekapo njirayi chifukwa cha kusowa kwa madzi. Choncho funso lokawafunsa ndi ili: mwalankhula ndi a Namibia Wildlife Resorts, amene amalembetsa oyenda njirayi, kapena ndi gulu limene latulukamo posachedwa, kuti mudziwe mmene maiwe alili chaka chino? Akangoyankha kuti "timapita chaka chilichonse", musakhutire. Madzi a chaka chatha anaphwa kale.

Mabotolo awiriwo amakwana pamene gulu likuyenda m'mbali mwa madzi. Koma masiku omaliza pali njira zachidule zimene zimasiya mtsinje n'kudutsa pamchenga ndi pamiyala kwa maola angapo, popanda mthunzi. Muwonjezereni botolo lachitatu, lizikhala lopanda kanthu m'chikwama, adzalidzaze asanalowe m'njira zoterezo. Madzi a m'dziwe asamwe osathira mankhwala. Mapilitsi a klorini amafuna mphindi 30 kuti agwire ntchito, monga momwe timadikirira tikathira Waterguard mu ndowa, ndiye botolo limodzi likamamwedwa lina lizikhala likudikira. Kutsekula m'mimba pakati pa chigwacho n'koopsa kuposa dzuwa, chifukwa madzi amatha m'thupi mofulumira, foni sigwira, ndipo njira zotulukira mwadzidzidzi ndi zochepa komanso zokwera kwambiri. Mumuikire mapaketi angapo a ORS, yemwe kwathu timamudziwa kuti Thanzi. Atasowa, lita imodzi ya madzi abwino, masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya mchere zimathandiza.

Tsopano bambo a kunyumbako, ngati mukumva, senderani pafupi. Mwanena zoona kuti njirayi imatsegulidwa nyengo yozizira yokha, kuyambira pa 1 May mpaka pakati pa September, chifukwa miyezi inayo kutentha kwake kungaphe munthu. Koma kuzizira kwa m'chipululu ndi kwa usiku. Masana pansi pa chigwa pamatha kupitirira madigiri 30. Mpweya wake ndi wouma kwambiri moti thukuta limauma likangotuluka, munthu osaona kuti akutaya madzi, amangodabwa madzulo malaya ali mbuu ndi mchere. Ndipo m'mawa kukazizira, khosi silipempha madzi ngakhale thupi likuwafuna.

Chinanso, Mayi, ndi cha inu ndi mwana wanu awiri. Atsikana ambiri pa maulendo otere amamwa pang'ono dala, poopa kukataya madzi poyera pali anyamata. Sanganene kwa mphunzitsi. Mwana wa msinkhu umenewo amalola kuyenda mutu ukuwawa kusiyana n'kuti anzake amuone ngati wofooka. Mukhale naye pansi, mumuuze kuti mkodzo ndiwo sikelo yake: ukakhala woyererako zili bwino, ukafiira ngati tiyi wopanda mkaka, kapena tsiku likapendeka asanapiteko n'komwe, auze wamkulu nthawi yomweyo. Mufunsenso ngati pagululo pali mphunzitsi wamkazi, ndiponso ndani amene adzaimitse ana ola lililonse n'kuyang'ana m'mabotolo mwawo. Kufunsa kuti "nonse muli bwino?" n'kungotaya malovu, onse amayankha kuti eya.

Kalata yachiwiri yadzera pa WhatsApp, yachokera kwa Chikondi wa ku Phoenix, ku Arizona.

"Amalume, ndili ndi zaka 17. June wapitayu tinatsika ku Grand Canyon ndi gulu la achinyamata a kutchalitchi. Anatiuza kuti tizimwa madzi ambiri, ine ndinamvera, ndinamwa mwina malita 7. Chakudya sichinkalowa. Pokwera mutu unayamba kuwawa, ndinasanza, zala zinatupa. Wotitsogolera anati madzi andithera m'thupi, ndimwenso. Kuchipatala anati ayi, ndinamwa mopitirira. Nanga tikhulupirire ziti?"

Mwananga, thokoza Mulungu kuti ukulemba wekha kalatayi. Achipatala ananena zoona. Vutoli madokotala amalitchula kuti hyponatremia. Thukuta limatuluka ndi mchere. Ukamabwezera madzi okhaokha, osadya kanthu, mchere wotsala m'magazi umasungunuka, monga ndiwo zimene wazithira msuzi wambiri. Impso sizitha kutaya madzi opitirira pafupifupi lita imodzi pa ola, ndiye otsalawo amalowa m'minofu, mpaka mu ubongo umene. Choipa chake n'chakuti zizindikiro zake, mutu, nseru ndi kufooka, zimafanana ndi za munthu amene madzi amuthera, n'chifukwa chake mtsogoleri wako anasokonezeka. Akanakufunsa mafunso awiri okha: wamwa zochuluka bwanji, nanga wataya madzi kangati? Amene wamwa kwambiri, mimba ili ndendende, akukodza pafupipafupi zoyera, ameneyo aleke kumwa, akhale pamthunzi, adye zamchere. Amene botolo lake likadali lodzaza, m'kamwa muli gwa, ndiye wofunika kumwa pang'onopang'ono.

Ulendo wina uzidya kanthu nthawi iliyonse imene ukumwa, ngakhale chilakolako palibe. Mtedza wokazinga wothira mchere, mabisiketi amchere, kaya usipa wouma ngati amayi ako anabwera nawo kuchokera kumudzi.

Koma mtsogoleri wanuyo ndimudzudzula pa china chachikulu: nthawi. Grand Canyon ndi phiri lozondoka. Umayamba ndi kutsika, uli ndi mphamvu, m'mawa kuli kamphepo, ndipo pamene ukutsika m'pamene kukutentha. Pansi, cha ku Phantom Ranch, mu June kumapitirira madigiri 40. Chitunda chimabwera pamapeto, utatopa kale. N'chifukwa chake oyang'anira malowa amalangiza anthu kuti asamayende pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 4 koloko madzulo nyengo yotentha. Njira ya South Kaibab ilibe mpopi ngakhale umodzi panjira. Ya Bright Angel ili nayo, koma paipi yake imaphulikaphulika, ndiye wamkulu ayenera kufunsa tsiku lomwelo ngati madzi akutuluka. Mu 1996 mnyamata wa zaka 15 wa gulu la ma Scout anafera m'chigwa chomwecho madzi atawathera, mtsinje wa Colorado uli pafupi. Ine ndikanakhala wotsogolera ana, madzi akangofika theka tisanafike pomwe tikatunge ena, tonse tikubwerera, wolira alire.

Ndipo nonse omvera sungani ichi. Mwana akayamba kubwebweta, kudzandira ngati woledzera, kapena kukwiya popanda chifukwa, musatayenso nthawi kukangana kuti ndi madzi ochepa kapena ochuluka. Itanani thandizo. Ngati thupi lili juu, muikeni pamthunzi, mumunyowetse thupi lonse, mumukupize, ngati pali dziwe mumuviikemo mutagwirira mutu. Wokomoka musamuthire madzi m'kamwa, angatsamwe.

Yomaliza ndi yaifupi, ya Bambo Tembo a ku Ngabu, m'boma la Chikwawa. Akuti: "Ife kuno timalima mu October, dzuwa likuswa mtengo, opanda botolo. Zimene mukukambazi ndi za ana olera ndi yogati."

Ha, Bambo Tembo, mwandiseketsa. Kutentha kwa ku Chigwa cha Shire palibe angakutsutseni. Koma taonani mmene mumachitira. Mumalawira kumunda kusanache, dzuwa likafika paliwombo mwaweruka kale, muli pansi pa mtengo ndi chikho cha thobwa, ndipo mjigo mukudziwa pomwe uli. Zimenezo ndi zomwe ndakhala ndikunena pano kuyambira poyamba. Kuwonjezera apo thupi lanu linazolowera. Thupi la mlendo limafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti liphunzire kutuluka thukuta msanga ndi kusunga mchere, pamene ana awa amatsika basi lero, mawa ali kale pamchenga ndi katundu kumsana. Mutawatenga n'kuwapatsa khasu ku Ngabu, pofika 11 koloko mungawanyamule pa ngolo.

Mayi Nachisale, msonkhano wa makolo ukachitika mutilemberenso zimene aphunzitsi ayankhe pa za maiwe aja, tidzawerenga pompano. Tsopano timvere kanyimbo, tikabwerako tiona makalata a za fetereza.