Werengerani ma watt musanalumikize: zomwe zinakambidwa pamsonkhano wa mudzi nyumba itapsa

Zikomo amfumu potipatsa mpata. Amayi ndi abambo, nonse mwaona zomwe zachitika kuseri kwa msika Loweruka lija. Katundu yense wasanduka phulusa, mwayi ana anatulutsidwa amoyo. Ena ayamba kale kunena zamatsenga. Koma m'phulusa muja munapezeka ekisitenshoni itasungunuka, ndipo pa iyo panali ketulo, ayironi ndi hotipuleti. Zotenthetsa zitatu pa waya mmodzi. Ndiye lero tichite masamu pang'ono, musathawe, ndi a ku pulayimale.

Magetsi ali ngati madzi a mumpopi. Ma volt ndi mphamvu yokankha, ma amp ndi kuchuluka kwa zomwe zikudutsa, ndipo resistance, yomwe timayeza mu ma ohm, ndi kupanikiza kwa njira. Magetsi a ESCOM amalowa m'nyumba ndi ma volt 230. Mukachulukitsa ma volt ndi ma amp mumapeza ma watt, mphamvu yomwe chipangizo chikudya. Ndiye mukafuna ma amp, tengani ma watt mugawe ndi 230.

Mukafika kunyumba tembenuzani ketulo, pansi pake palembedwa nambala yothera ndi W. Tinene 2000W. Kugawa ndi 230 tikupeza ma amp 8.7. Ayironi ya 1200W ndi ma amp 5.2. Hotipuleti ya 1500W ndi 6.5. Kuphatikiza, ma amp 20 n'kupitirira. Pulagi yathu ya mano atatu ija malire ake ndi ma amp 13, kutanthauza pafupifupi ma watt 3000. Awo ndi malire a ekisitenshoni yonse, osati bowo lililonse. Kukhala ndi mabowo asanu sikutanthauza kuti inyamula zinthu zisanu zilizonse. Zotenthetsa ziwiri pa ekisitenshoni imodzi, ayi.

Ndipo ambiri amene timagula pamsikawa safika n'komwe pa 13. Kunja waya wonenepa bwino, mukasenda mupeza timawaya tamkuwa tochepa kwambiri, zina zonse ndi pulasitiki. Wotere ndi wa foni, wayilesi ndi TV basi.

Tsopano resistance. Mugawe ma volt ndi ma amp: ketulo ija, 230 kugawa ndi 8.7, ndi ma ohm 26. Mmenemo ndi mmene kutentha kukufunika, kuti madzi awire. Vuto ndi resistance ikabadwa pamalo olakwika, monga polumikiza pogwedera, kapena pamene munapota mawaya awiri n'kukulunga ndi jumbo. Ndikuona ena mukuseka, mukudzidziwa. Kutentha kwa pamenepo timakupeza pochulukitsa ma amp ndi ma amp omwewo, kenako ndi ma ohm. Tinene pogwederapo pali theka la ohm. Ma amp 10: 10 kuchulukitsa 10 ndi 100, theka lake ma watt 50. Ma amp 20: 400, theka lake ma watt 200. Mwaona? Ma amp angowirikiza kawiri, kutentha kwawirikiza kanayi, ndipo konseko kwaunjikana pa kamalo kamodzi, kuseri kwa katani kapena pansi pa matiresi. Zotenthetsa ziwiri pa ekisitenshoni imodzi, ayi.

Mufunsa kuti nanga fyuzi inali kuti. Ma ekisitenshoni ena alibiretu fyuzi. Ena inapsa, bambo n'kuikamo waya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Abambo, fyuzi ikapsa ikukuuzani kuti mwachulutsa katundu, simuyenera kuitseka pakamwa. Ngakhale fyuzi yeniyeni ya 13 imatha kupirira ma amp 20 kwa mphindi zambiri isanaduke, ndipo bureka ya pabokosi, switchi yozima yokha ma amp akachuluka, ya 20 kapena 32, imateteza waya wa m'khoma, osati kachingwe kanu.

(Mayi wina: "Pepani abambo, ife kwathu ndi sola, batire ya ma volt 12. Zimenezi zikutikhudza?")

Mwafunsa bwino mayi, ndipo zikukukhudzani kwambiri. N'zoona kuti ma volt 12 sakugwirani mukakhudza, n'chifukwa chake anthu amaiderera. Koma masamu ndi omwewo, kungoti mugawa ndi 12. TV ya 60W pa ESCOM imakoka osafika theka la amp imodzi, pa batire yanu ikukoka 5. Invata, kachipangizo kosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a ESCOM, ikamapereka ma watt 300, ku batire ikukoka ma amp 25, ndi kuposerapo chifukwa nayonso imadyako. Amenewo ndi ochuluka kuposa omwe anaotcha nyumba ija. Ndiye waya wochoka ku batire kupita ku invata ukhale wonenepa ndi waufupi, osati waya wa sipika. Mangani ndi bawuti, osangopanira kapena kukhomera msomali. Ikani fyuzi pafupi ndi batire, mbali ya pulasi, chifukwa mawaya awiriwo akagundana resistance imatsala pang'ono kutheratu, batire n'kutulutsa ma amp mazanamazana, waya n'kufiira nthawi yomweyo. Ndipo ketulo kapena ayironi pa invata yaing'ono musayese: 2000 kugawa ndi 12 ndi ma amp opitirira 160.

Ndaona dzuwa lapendeka, ena mwayamba kudzuka, ndithamange. Werengani W pa chipangizo chilichonse, phatikizani, musadutse 3000, ndipo ngati ekisitenshoni ndi yotchipa khalani kutali kwambiri ndi nambala imeneyo. Ketulo, ayironi, hotipuleti, chilichonse pa soketi yakeyake ya kukhoma. Waya wopindidwa muutambasule musanagwiritse ntchito. Gwirani pulagi, ikatentha kapena kununkha pulasitiki, zimitsani. Magetsi akazima, zulani zotenthetsa zonse musanagone kapena kuchoka, chifukwa akabwera usiku hotipuleti iyaka yokha. Moto wa magetsi musathire madzi, thimitsani kaye pa meni switchi. Zotenthetsa ziwiri pa ekisitenshoni imodzi, ayi.

Amene mwabwera ndi ma ekisitenshoni anu bweretsani kutsogolo kuno, titsegule mapulagi tione ma fyuzi.