Akati katemera amateteza 80 pa 100, amawerenga bwanji?

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse. Amene muli kumbuyoko sunthirani kuno kumthunzi kuti timvane bwino.

Pa wailesi mumamva kuti katemera wa taifodi amateteza 80 pa 100. Ambiri amaganiza kuti ndiye kuti mwa ana 100 obayidwa, 20 adwala basi. Ayi, si choncho. Ndikufotokozereni mmene nambala imeneyi inapezekera, chifukwa inapezeka konkuno kwathu, ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mu mzinda wa Blantyre.

Mu 2018 akatswiri a kafukufuku analemba ana oposa 28,000, a miyezi 9 mpaka zaka 12, makolo awo atavomera. Anawagawa pawiri mwa maere. Theka linabayidwa katemera wa taifodi, theka lina linabayidwa wa matenda oumitsa khosi, kuti pasakhale mwana wobwerera kunyumba chimanjamanja. Maerewo ndi ofunika kwambiri. Mukanati muzisankha nokha, mwina ana onenepa, akumwa madzi a pampopi, akanadzaza gulu limodzi, ndipo sitikanadziwa ngati wawateteza ndi katemera kapena madzi abwinowo.

Chinanso, kholo silinkadziwa kuti mwana wake ali gulu liti. Ngakhale dokotala womuyeza sankadziwa. Munthu ukadziwa, mtima umakondera.

Kenaka anadikira. Palibe amene anapatsidwa matenda dala, ayi ndithu. Ana anapitiriza kupita kusukulu, kusewera, kudya zimene amadya masiku onse. Mwana akatentha thupi n'kubwera naye kuchipatala, ankamutenga magazi n'kukawasunga ku labotale kuti aone ngati tizilombo ta taifodi timeremo. Pajatu kutentha thupi kokha sikunena kanthu, kungakhale malungo. Ankawerenga okhawo amene magazi awo atsimikiza.

Tsono mvetserani apa. Pa gulu limene silinalandire katemera wa taifodi, anadwala ana 62. Pa gulu lolandira, anadwala 12. Magulu ofanana kukula, madera omwewo, madzi omwewo. Ndiye kuti pamene pakanadwala ana 62, ana 50 anapulumuka. Mukatenga 50 mwa 62, ndi pafupifupi 80 pa 100. Nambalayo ikuyerekeza magulu awiriwo, basi.

Ndaona amayi apo akugwedeza mutu: nanga 12 aja? Funso labwino, mayi. Anadwaladi, chifukwa palibe katemera wotchinga zonse. N'chifukwa chake mwana wobayidwa akatentha thupi masiku angapo, musamusunge pakhomo poganiza kuti ndi wotetezeka. Thamangani naye kuchipatala.

Akatswiri aja sanasiyire pomwepo. Anapitiriza kuwatsata anawo, ndipo patatha zaka zinayi anapeza kuti mphamvu yake inali ikadali cha pa 78 pa 100, jakisoni mmodzi yekha. Mu 2023 boma linayamba kupereka katemera wa taifodi m'dziko lonse. Ndi yemweyo amene alembedwa m'buku la kusikelo la mwana wanu. Amene mwabwera nawo mabukuwo, atulutseni tionere limodzi.