Makalata a Omvera: Ndani Anayenera Mphoto ya MVP ya 2025 mu NBA?

Takulandirani, omvera athu, ku gawo la makalata m'pulogalamu ya zamasewero. Ambiri mwalemba za mphoto ya MVP, yomwe imaperekedwa kwa wosewera wopambana onse mu ligi ya basketball ya NBA ya ku America kudzera m'mavoti a atolankhani, makamaka ya sizoni ya 2024-25 imene inapita kwa Shai Gilgeous-Alexander wa Oklahoma City Thunder.

Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Zomba amene amaphunzitsa ana masewerowa. Iwo akuti: "Akuluakulu, mtima wanga sunakhutire. Nikola Jokić wa Denver Nuggets ndiye anasewera kuposa aliyense, koma ovota anangotopa naye chifukwa anali atalandira kale mphotoyi katatu. Kodi kumeneku si kumudyera masuku pamutu?"

Zikomo bambo, ndipo dandaulo lanu lili ndi maziko. Pa avereji ya gemu iliyonse, Jokić ankapeza mapointi 29.6, ankatola mipira 12.7 yobwerera kuchokera pa ringi, ndiponso ankapatsira anzake mipira 10.2 imene iwo ankagoletsa. Asanatero iye, osewera awiri okha, Oscar Robertson ndi Russell Westbrook, ndi amene anamalizapo sizoni atafika pa 10 m'magawo atatu onsewa. Mu March 2025, pokumana ndi Phoenix Suns, anapeza mapointi 31, natola mipira 21 ndi kupatsira ina 22, zomwe zinali zisanachitikepo m'mbiri ya ligiyi. Amene anamuonerapo akudziwa mmene amaimira chafufumimba pafupi ndi ringi, n'kuponyera mpira mnzake amene aliyense amaganiza kuti sakumuona.

Ngakhale zili choncho, ine ndikuona kuti ovota sanalakwitse. Shai anatsogolera ligi yonse ndi mapointi 32.7 pa gemu, ndipo timu yake inapambana magemu 68 mwa 82, pamene Denver inapambana 50. Thunder inachita zimenezi ngakhale kuti Chet Holmgren, mmodzi wa osewera amene imadalira, anathyoka fupa la m'chiuno mu November 2024 n'kukhala kunja pafupifupi miyezi itatu. Komanso Shai sapuma timu yake ikaluza mpira, chifukwa amatchinga ndi kulanda mipira, gawo limene Jokić sadziwika nalo kwenikweni. Mwa ovota 100, okwana 71 anaika Shai pamalo oyamba, ndipo 29 anasankha Jokić.

Pamene ndikugwirizana nanu, bambo, ndi poti ovota sagwiritsa muyezo umodzi chaka chilichonse. Mu 2022 Jokić yemweyo analandira mphotoyi timu yake itapambana magemu 48 okha n'kuthera pa nambala 6 m'chigawo cha kumadzulo cha ligiyi, malo omwenso timu ya Westbrook inathera pamene iye analandira mphotoyi mu 2017. Choncho kupambana kwa timu si lamulo lokhazikika. Koma osewera awiri akayandikana luso monga mmene anachitira awiriwa, kusiyana kwa magemu 18 sikungangonyalanyazidwa.

Mayi wina wa ku Chipata alemba mwachidule kuti: "Thunder inatulutsa Denver m'ndime ya chipulula ndipo inatenga chikho, ndiye mkangano ukuchokeranso kuti?"

Mayi, mavoti a MVP amaponyedwa ndime ya chipulula isanayambe, kotero zimene zinachitika pambuyo pake sizinawerengedwe. Ndime yomaliza ili ndi mphoto yakeyake, imene Shai anatenganso Thunder itagonjetsa Indiana Pacers 4-3. Tisaiwalenso kuti Denver inalimbana ndi Thunder mpaka gemu yachisanu ndi chiwiri.

Kalata yomaliza ndi ya mnyamata wa kwathu kuno amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Akufunsa ngati munthu wobadwira mu Africa analandirapo mphotoyi, komanso chifukwa chake Joel Embiid sanamvekenso pa mpikisanowu mu 2024.

Achimwene, alipo ndithu. Hakeem Olajuwon, wobadwira ku Lagos, analandira mu 1994, ndipo Embiid, wobadwira ku Yaoundé, analandira mu 2023. Steve Nash, amene anapambana mu 2005 ndi 2006, anabadwira mumzinda umene muliwo, ngakhale anakulira ku Canada, kwawonso kwa Shai. Giannis Antetokounmpo, wa 2019 ndi 2020, anabadwira ku Athens koma makolo ake ndi a ku Nigeria. Ponena za Embiid, kuyambira sizoni ya 2023-24 ligi inakhazikitsa lamulo loti wosewera ayenera kusewera magemu osachepera 65 kuti aganiziridwe pa mphotoyi. Iye ankapeza mapointi oposa 34 pa gemu, koma anavulala bondo n'kusewera magemu 39 okha, motero ovota sakanatha kumusankha.